Kasefa ka manambala ka m'mahadiweya a Lilongwe: kodi nkokwanira kusungiramo mfuti pakhomo pamene pali ana?

Mukayenda m'mashopu a zipangizo zomangira ku Area 2, makamaka chakumsewu wa Malangalanga, kapena m'masitolo akuluakulu a m'tauni, simulephera kukaona kabokosi kachitsulo kakuda kapena kotuwa, kokhala ndi mabatani a manambala kutsogolo ndi kachogwirira kopotoza. Maina olembedwa pakatoni ndi osiyanasiyana, koma mkati mwake tambiri ntofanana. Anthu amagula kuti azisungiramo ndalama, mapasipoti ndi mapepala a malo. Ena amene ali ndi mfuti ya m'manja yokhala ndi chiphaso amafunsa ngati angaikemonso mfutiyo kuti ana asaifikire. Yankho lathu ndi loti inde, kangathandize, koma osati momwe katulukira m'katonimo. Kakangoikidwa pansi m'wadiropu osamangirira, kamapatsa kholo mtendere wabodza, ndipo zimenezo nzoopsa kuposa kudziwa kuti mfuti ili posatetezeka.

Tiyambe ndi chimene mumalandira mukalipira. Kamene kamapezeka kwambiri nkotalika masentimita pakati pa 20 ndi 25, m'lifupi masentimita 30 mpaka 35. Chitseko chimakhala chokhuthalako, mamilimita 3 kapena 4, koma m'mbali ndi kumbuyo chitsulo chake nchopyapyala, kawirikawiri milimita imodzi kapena awiri. Kamayendera mabatire anayi a AA, choncho kuzima kwa magetsi a ESCOM sikukakhudza. Mumasankha nokha nambala yachinsinsi, nthawi zambiri ya manambala atatu mpaka asanu ndi atatu, podina kabatani kamene kali kuseri kwa chitseko chakumahinji. Mumapatsidwanso makiyi awiri otsegulira mabatire akatha, ndipo bowo la kiyi limabisika kuseri kwa kachivindikiro kutsogolo. M'kathumba ka pulasitiki mumakhala timabauti tiwiri kapena tinayi tomangirira.

Ubwino wake ulipo ndipo sitiuchepetsa. Kamatseguka m'masekondi ochepa, zimene zimachotsa chifukwa chimene ambiri amapereka akamagona ndi mfuti kunsi kwa pilo, choti akuba akabwera usiku adzachedwa kuitenga. Pisitolo imodzi imakwanamo bwino. Simufunika kiyi potsegula tsiku ndi tsiku. Ndipo poyerekeza ndi kuika mfuti pamwamba pa wadiropu, m'siling'i kapena m'sutikesi ya zovala, kusiyana kwake nkwakukulu, chifukwa malo onsewo ana amawadziwa. Mwana amene amatsala pakhomo masana onse amadziwa chipinda cha makolo ake kuposa momwe makolowo amaganizira.

Vuto lalikulu lili m'kati mwa chitseko. M'timasefa totsika mtengo, chimene chimaletsa chogwirira kupotoka ndi kachitsulo kakang'ono kokankhidwa ndi kasipuling'i kofewa. Mukadina nambala yolondola, mphamvu ya batire imakokera kachitsuloko pansi, chogwirira nkupotoka. Tsoka lake, kugwedezeka kwamphamvu nakonso kumatha kukatsitsa kwa kanthawi kochepa. M'chaka cha 2012 akatswiri a maloko ku America anaonetsa poyera mwana wa zaka zitatu akutsegula timasefa ta mtundu umenewu pongotinyamula pang'ono nkutigwetsa pansi. Sikuti mwanayo anali wochenjera mwapadera. Kapangidwe kake ndiko kanali kofooka. Kasefa kolemera makilogalamu 5 kapena 8 mwana wa sitandade 2 amakakoka, kukagubuduza ndi kukagwetsa pamasewera chabe.

Nchifukwa chake musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa kuti mukayese pomwepo. Katsekeni, musadine nambala iliyonse, kenaka menyani pamwamba ndi chikhatho mwamphamvu uku dzanja lina likuyesa kupotoza chogwirira. Bwerezani kangapo. Kakatseguka ngakhale kamodzi, kasiyeni. Funsani ngati ali ndi ka mtundu umene mipiringidzo yake imayendetsedwa ndi kamota: timeneti timamveka kulira pang'ono potseguka, tilibe chogwirira chopotoza ndi dzanja, ndipo sititseguka ndi kumenya. Ntodulirapo, koma pa nkhani ya mfuti ndalama yowonjezerayo ndi yoyenera. Yang'ananinso mabowo omangirira a kumbuyo ndi pansi. Ngati kawaya kolowetsedwa pabowo kangafike pa kabatani kosinthira nambala kaja, ndiye kuti sefa yosamangirira ingasinthidwe nambala ndi munthu amene sanaitsegule nkomwe. Katundu wambiri kuno amachokera ku South Africa, ndipo kumeneko sefa zovomerezeka kusungiramo mfuti zimayenera kukwaniritsa muyezo wotchedwa SANS 953-1. Mukaona chizindikiro chimenecho pa sefa, muli pabwino kuposa pamene katoni yangolembedwa mawu okopa.

Kumangirira ndiko kumasintha kabokosi kameneka kukhala sefa yeniyeni, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Timabauti tobwera nako ntating'ono, tina ntongolowa m'timapulagi ta pulasitiki toyenera kukolekera chithunzi. Tisiyeni. Gulani ma rawl bolt, mabauti otambasuka m'kati mwa khoma, a M8 kapena M10, anayi, pamodzi ndi mawashala otambalala kuti mutu wa bauti usaboole chitsulo chopyapyala chija munthu akamakanula ndi chitsulo. Bauti wa M8 wa mtundu wokhala ndi chigoba amafuna bowo la mamilimita 14 m'khoma, wa M10 amafuna la mamilimita 16. Mukaboola lalikulu kuposa pamenepo bauti amangozungulira osagwira. Mukaboola, uzirani fumbi lonse lichoke musanalowetse bauti.

Onani khoma lanu kaye. Nyumba zambiri ku Area 25, Kawale, Chinsapo ndi Area 36 zinamangidwa ndi njerwa zowotcha zomangira dothi, simenti ili pa pulasitala pokha. Khoma lotero silisunga bauti: pakapita miyezi sefa imayamba kugwedera, kenaka imazuka ndi manja. Mabuloko a simenti a mphako nawonso amasweka mkati bauti akamatambasuka. Zikatero, mangirirani pansi pa konkire, kapena boolani khoma lonse bauti wautali atulukire kuseri, muikeko chitsulo chafulati ndi nati. Malo abwino ndi pakona, mbali yotsegukira chitseko ili chakukhoma, kuti pasakhale mpata wolowetsera chokanulira. Musamangirire pa thabwa la kumbuyo kwa wadiropu, limathyoka ndi phazi. Ngati nyumba ndi ya lendi, kambiranani ndi eni nyumba za kuboola. Simukuyenera kuwauza kuti mudzasungamo chiyani. Ndipo amene mwamuitana kudzaboola asaone mfuti, asaonenso mukuika nambala.

Nambala yobwera nayo kuchokera ku fakitale isinthidwe tsiku lomwelo. Isakhale chaka chimene munabadwa, nambala ya galimoto, kapena PIN ya Mpamba ndi Airtel Money, chifukwa ana amene mumawatuma kukatapa ndalama kapena kugula mayunitsi amaidziwa kale. Sankhani ya manambala asanu ndi limodzi kapena kuposa. Podina, tsekani chitseko cha kuchipinda. Mwana amaloweza kayendedwe ka chala mwachangu monga amachitira ndi foni yanu. Muzipukuta mabatani, popeza amene amadinidwa kawirikawiri amada kapena kufufutika, nkuulula manambala amene mumagwiritsa ntchito. Muisinthe mukangokayikira kuti wina waiona.

Makiyi awiri aja ndiwo amagwetsa anthu ambiri. Ena amawatsekera m'sefa momwemo, mabatire akatha nkusowa chochita. Ena amawaika m'dirowa ya pafupi ndi bedi, pa msomali kuseri kwa chitseko, kapena pa mulu wa makiyi a galimoto umene umaperekedwa kwa mnyamata wotsuka galimoto m'mawa uliwonse. Kiyi amene mwana angamupeze wafafaniza ntchito yonse ya sefa. Mmodzi akhale kunja kwa nyumba, monga m'dirowa yokhoma ku ntchito. Wina muziyenda naye pathupi panu. Mabatire gulani a alkaline, muwasinthe onse anayi kamodzi pachaka osadikira kuti kagetsi kofiira kayake. Otsika mtengo a pamsika amatha msanga ndipo amatuluka madzi amene amawononga tizitsulo togwira batire.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimalowa m'sefa, makamaka yomangirira pansi kapena pakhoma lakunja, ndipo mfuti imachita dzimbiri. Ikanimo timapaketi ta silica gel, tonga timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, muzitisintha. Pakani mafuta a mfuti ochepa pa zitsulo zake, ndipo musaisunge m'chikwama chake chachikopa, chikopa chimasunga chinyezi.

Tsopano chimene sefa iliyonse, yodula kapena yotchipa, singakuchitireni: kuchotsa zipolopolo. Mfuti ilowe m'sefa ilibe kanthu, ndipo ndondomeko yake ndi yosasinthika. Lozetsani mfuti kumene kulibe munthu ndiponso kumene chipolopolo chingathere, monga m'ndowa yodzaza mchenga. Khoma la njerwa kapena simenti ya pansi zimabweza chipolopolo, pomwe chitseko cha thabwa ndi siling'i zimabooka. Chala chikhale kunja, kutali ndi trigger, kachitsulo kamene kamakokedwa powomba. Choyamba chotsani magazini, kabokosi ka zipolopolo kolowetsa mu mfuti. Kenaka kokerani kumbuyo chitsulo chapamwamba chotsetsereka, kawiri kapena katatu, kuti chipolopolo chimene chinali kale m'mphuno mwa mfuti chituluke. Chisiyeni chotsegula, yang'anani m'bowomo pamalo owala, lowetsanimo kachala kakang'ono kuti mutsimikize. Ngozi zambiri zimachokera pa kusemphanitsa masitepe awiriwa. Munthu akayamba kukoka chotsetsereka magazini ikadali momwemo, chipolopolo chimodzi chimatuluka koma china chimalowa m'malo mwake. Akachotsa magazini pambuyo pake amakhulupirira kuti mfuti ilibe kanthu, pomwe yatsala ndi chimodzi chokonzeka kuwomba. Mwana akaona magazini ili padera naye amaganiza chimodzimodzi. Ya mtundu wa revolver, tsegulani chigubu chozungulira, khuthulani, muwerenge zipolopolo m'dzanja ndi kuona bowo lililonse.

Zipolopolo zikhale m'bokosi lina lokhoma, pamalo ena, ndi kiyi wina. Kafukufuku amene anatuluka mu 2005 m'magazini ya madokotala ya JAMA ku America anapeza kuti zinthu zinayi, kukhomera mfuti, kuichotsa zipolopolo, kukhomera zipolopolo, ndi kuzisunga kosiyana ndi mfuti, chilichonse pachokha chinkayenderana ndi kuchepa kwa ngozi ndi kudzipha pakati pa ana ndi achinyamata. Ndiye amene wagula kasefa kamodzi nkuikamo mfuti yodzaza, bokosi la zipolopolo lili pambali pake, wachita ziwiri zokha mwa zinayizo.

Pali makolo amene amati mwana wawo ndi wamng'ono, sangathe kuwomba. Mu 1995 madokotala a ana ku America anayeza mphamvu ya zala za ana ndipo anapeza kuti mwana mmodzi mwa anayi a zaka 3 mpaka 4, ndi asanu ndi awiri mwa khumi a zaka 5 mpaka 6, ankatha kukoka ndi zala ziwiri mphamvu yokwana makilogalamu 4.5. Pisitolo ya Glock imawomba ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 2.5 okha. Choopsa china nchakuti mwana wamng'ono amafuna kukankha ndi zala zazikulu, ndipo kuti atero amatembenuzira mfuti kumaso kwake. Ena amati mwana wawo anamulangiza, sangakhudze. Pa kafukufuku wina wa 2001 ku Atlanta, anyamata a zaka 8 mpaka 12 anasiyidwa m'timagulu m'chipinda momwe munabisidwa mfuti yeniyeni yosawomba. Ambiri mwa magulu amene anaipeza anaigwira, ndipo pa pafupifupi theka la magulu oipezawo wina anakoka trigger, ngakhale kuti ochuluka anali atalangizidwapo za kuopsa kwa mfuti. Kulangiza nkofunika, muuzeni mwana kuti akaona mfuti asaikhudze, achoke, akauze munthu wamkulu. Koma chimene chimamuteteza ndi loko.

Kwa mfuti zazitali, monga Greener imene alimi ndi alonda ambiri ali nayo, kapena mfuti yosakira nyama, kasefa aka sikathandiza chifukwa sizikwanamo. Njira imene timaiona kuti ndi yabwino kuno ndi kukapangitsa kabati yachitsulo kwa owotcherera, monga a ku Biwi Triangle kapena Mchesi, koma mupite ndi miyezo yanu. Mukangoti mukufuna bokosi lokhoma adzakupangirani la chitsulo cha mageti chopyapyala, loko wa pageti akulendewera kunja. Nenani kuti chitsulo chisachepere mamilimita 2 mbali zonse, chitseko 3 kapena kuposa. Awotcherere mzere wonse osati madontho apa ndi apo. Mahinji akhale mkati kuti asadulidwe kapena kugogodedwa. M'mphepete mwa chitseko mupindidwe kuti chokanulira chisalowe. Maloko akhale awiri, m'mwamba ndi m'munsi, a mtundu wa ma lever asanu, omangidwa mkati mwa chitseko. Malokowo gulani nokha ndipo makiyi onse akhale ndi inu kuyambira pachiyambi. Kumbuyo aboole mabowo anayi a mabauti, ndipo m'mwamba awotchereremo kachipinda kokhala ndi loko wakewake. Ngati bolt ya mfutiyo, chitsulo chokankhira chipolopolo m'mphuno mwake, imachoka, ichotseni muikhomere padera. Mfuti yopanda bolt siwomba. Apa kasefa ka manambala kaja kamapeza ntchito imene kamaikwanitsa bwino kwambiri: kusunga zipolopolo ndi bolt, mfuti ili m'kabati.

Mfuti ya mpweya yowombera mbalame nayonso ilowe m'kabati momwemo. Anthu amaitenga ngati chidole, koma kachipolopolo kake ka mamilimita 4.5 kapena 5.5 kamaphulitsa diso ndipo kangathe kulowa m'chigaza cha mwana wamng'ono.

Mukapeza loko wa chingwe chachitsulo, mutengeni ngati chowonjezera. Chingwe chimalowa pamalo a magazini nkutulukira potulukira zikhokhombe za zipolopolo, kotero mfuti singatsekeke kuti iwombe. Chimadulika ndi chodulira waya chachikulu, ndiye sichiletsa wakuba, koma chimaletsa mwana wa zaka zisanu. Loko womanga pa trigger sitimukonda kwenikweni, ndipo asaikidwe konse pa mfuti imene ili ndi chipolopolo, chifukwa kachitsulo kake kodutsa pakati kangakankhe trigger pomumanga.

Nthawi zoopsa kwambiri pakhomo ndi zimene dongosolo lasokonekera. Bambo afika usiku atatopa, aika mfuti patebulo kuti ayambe asamba. Patchuthi nyumba yadzaza ana a achibale ochokera kumudzi. Pamaliro kapena paukwati chipinda cha makolo chasanduka chosungiramo katundu, aliyense akulowa ndi kutuluka. Malume amene ndi wapolisi kapena msilikali abwera kudzagona, chikwama chawo chili pampando. Lamulo likhale limodzi: mfuti ikachoka pathupi pa mwini wake, ilowe m'sefa nthawi yomweyo, ndipo ya mlendo nayonso ipatsidwe malo okhoma. Ngati mlonda wanu amagwira ntchito ndi mfuti, dziwani kumene imakhala masana iye akagona. Mwana wanu akamakasewera kapena kukagona kwa anzake, funsani. Safunsa anadya phula. Mawu ake savuta: "Pepani mayi, musandione ngati wamwano, mwana wangayu ndi wogwiragwira. Kodi bambo akunyumba amasunga mfuti? Ngati ilipo, imakhala yokhomera?" Kholo lanzeru silikwiya ndi funso limeneli.

Pakhomo pamene pali wachinyamata wa ku sekondale kapena ku koleji, nkhani imakula. Iyeyu nambala angaione, kiyi angamufufuze, ndipo ngozi yake si yamasewera yokha. Maganizo ofuna kudzipha amatha kubwera mwadzidzidzi, pambuyo pa kulephera mayeso, kutha kwa chibwenzi kapena mkangano ndi makolo, ndipo kawirikawiri amadutsa. Koma mwa anthu khumi amene amayesa kudzipha ndi mfuti, pafupifupi asanu ndi anayi amafa, palibe mwayi wachiwiri. Mukaona mwana wasintha, wasiya kudya, akudzipatula, akulankhula za imfa, kapena ngati m'nyumba muli kumwa mowa mwauchidakwa ndi ndewu, sefa iliyonse ndi yosakwanira. Mfuti ichoke pakhomo. Musakaisiye kwa mnzanu amene alibe chiphaso, pakuti kutero nkumuika pa mlandu pansi pa lamulo la mfuti la 1967. Pitani ku polisi ya dera lanu kapena ku ofesi yoona za ziphaso za mfuti ku likulu la polisi ku Area 30 mukafunse za kasungidwe kake. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana, ndipo mwanayo aonedwe ndi achipatala. Chimodzimodzi mwini mfuti akamwalira: isatsale m'sutikesi kudikira kugawa chuma, akuluakulu a banja akaidziwitse polisi.

Ngozi ikachitika, chimene chimapha msanga ndi kutaya magazi. Mwana wa makilogalamu 20 ali ndi magazi okwana lita imodzi ndi theka yokha. Dindani pabala mwamphamvu ndi chitenje kapena thaulo yoyera, manja onse awiri, osatukula kuti muone ngati asiya. Nsalu ikanyowa onjezerani ina pamwamba. Ngati bala lili pamkono kapena pamwendo ndipo magazi akutumphuka osaleka, mangani nsalu yotambalala kumtunda kwa bala, kutalikirana nalo masentimita 5 mpaka 7, osati pa chigongono kapena pa bondo, lowetsani kamtengo mupotoze mpaka magazi asiye, ndipo kumbukirani nthawi imene mwamanga. Musafufuze chipolopolo, musathire mankhwala azitsamba kapena mchere, musamupatse chakudya kapena madzi popeza angafunike opaleshoni. Mufunditseni, wina aimbe 997, ndipo thamangirani ku Kamuzu Central Hospital wina akupitiriza kudinda pabala m'galimoto.

Tikati tigamule za kasefa ka manambala: ka chogwirira chopotoza, kosamangirira, sitikukavomereza kusungiramo mfuti m'nyumba ya ana. Komweko katapambana mayeso omenya aja, nkumangiriridwa ndi mabauti anayi pa konkire, nkoyenera zipolopolo, bolt, kapena pisitolo yopanda kanthu yomangidwanso ndi loko wa chingwe. Ka mota kapena ka chizindikiro cha SANS 953-1 ndiko tingasankhe pa pisitolo. Mitengo yakhala ikusinthasintha chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, ndiye yendani m'mashopu atatu kapena anayi, ndipo powerengera ndalama muphatikizepo mabauti, mawashala, mabatire, kabokosi kachiwiri ka zipolopolo ndi malipiro a woboola khoma. Tengani lisiti, ndipo mufunse ngati angakusinthireni mabatani akakanika m'masabata oyambirira.